Impso Zokalamba za Mayi Dorinda

Mayi Dorinda Outeiro, amene tawaika m'manda Lachisanu lapitali, anabadwira m'mudzi wathu uno wa asodzi ku Galicia, ndipo anakulira pa ntchito yothira nsomba mchere. Amuna awo anathera panyanja, n'kuwasiyira mwana mmodzi, Anxo. Misa ya m'mawa sankaiphonya, kugwe mvula kuwale dzuwa.

Anxo atadwala impso, mayi ake anathamangira kuchipatala kukapereka yawo, koma magazi sanagwirizane. Mnyamatayo anadikira impso ya munthu womwalira mpaka imfa inamupeza ali pamzere. Kuyambira pamenepo Mayi Dorinda analeka mchere kuti impso zawo zidzathandize wina iwo akadzamwalira. Munthu wokulira mumchere! Pa chikondwerero cha parishi ankadya mbatata yowiritsa, ife tikunyambita zala ndi nyama ya nkhumba.

"Iwe Dorinda, ukusungira ndani?" ankawaseka Mayi Sabela, mnzawo wa m'kwaya. "Impso za nkhalamba ngakhale mphaka angazinunkhize n'kuzisiya!"

"Si zanga izi, mnzanga, ndangosungitsidwa. Mwini wake akudikira kwinakwake."

Madokotala nawo sankawalimbitsa mtima. Chaka ndi chaka mawu anali omwewo: "Amayi, mwakula, ndipo magazi anu amathamanga. Musayembekezere zambiri." Mayi Dorinda ankangobwerako n'kukakolopa m'tchalitchi.

Anagwa akukonza maluwa paguwa, mtsempha wa m'mutu utaphulika, ndipo anatsirizika mwamtendere kuchipatala atadzozedwa mafuta a odwala. Ine ndi Mayi Sabela tinatsala pakhonde. Impso zija madokotala anazichotsa, anadulako kachidutswa kokapima, n'kuzilumikiza ku makina ozizira kuti zisawonongeke. Chipatala china chinakana kuti zakalamba. Chinanso chinakana. Ndinapsa mtima, abale, sindibisa. Anthu akufera pamzere ngati Anxo, ndiye zaka zonse zija za mbatata yozizira zikathere kotayira zinyalala?

Kenaka dokotala anatulukira. "Imodzi payokha ndi yofooka, sitingaike nayo munthu pachiswe. Koma ziwiri pamodzi zingagwire ntchito ya imodzi. Pali bambo wina wachikulire wavomera kulandira zonse."

Dzina lake lamulo silitilola kulidziwa. Tinangomva kuti zayamba kugwira ntchito.

Pa chakudya cha pamaliro tonse tinkawatama Mayi Dorinda, uku tikuwaza mchere m'mbale ngati sitinaone kanthu. Ndinawapatsira Mayi Sabela kabotolo kamchere. Anakakankha, maso ali psuu.

"Chotsa apa, iwe. Nanenso zanga zili ndi mwini wake."