Nsungwi za Amalume

Amalume anali ndi kachipanda ka fodya wa m'mphuno, kakuda bii ndi thukuta la m'manja, kotseka ndi chitsononkho. Asanayankhule ankakagogoda pabondo, n'kutsina fodya, n'kuyetsemula, ndipo ife tinkadziwiratu kuti zotuluka m'kamwamo n'zamaliro. Mvula ikagwa, akuti ikokolola mbewu. Ikadula, akuti tifa ndi njala. Nkhuku ikaswa anapiye, iwo maso ankakhala kumwamba kusakasaka mphamba. Ndakalamba tsopano, alesi ndawaona amitundumitundu, koma sindinaonenso munthu wodziwa kuveka ulesi wake chovala cha nzeru ngati mlongo wa amayi ameneyu.

Chaka chimene ndikunenachi tinali titangooloka mtsinje wa Muloza kuthawa kwa Apwitikizi. Abambo anatengedwa ndi asilikali kukanyamula katundu ndipo sanabwerenso. Tinatsala anayi: amayi, amalume, ine, ndi mng'ono wanga amene anali akuyamwabe. Amalume anali ndi zipsera m'manja chifukwa cha mbalamatodya, thabwa lobowolabowola limene ankamenyera anthu kumeneko. Zimenezo sindikana, anamenyedwadi. Koma amayi nawo anali ndi zipsera zawo kumsana, ndipo sankazitambasulira alendo ngati fodya wamalonda.

Tinapeza malo m'tsinde mwa phiri, pa munda wa mzungu wina amene ankazula khofi n'kubzala tiyi. Kapitawo anatilozera kachigawo kamiyala n'kutiuza za thangata, kuti malowo tizilipira ndi thukuta m'munda mwa mzunguyo. Anthu amene tinawapeza ankatitcha Anguru, ankaseka lilime lathu, ana awo n'kumatifunsa ngati tadya njoka lero.

"Musadzivute n'kulima, achemwali," ankatero amalume. "Mukangopalira, mzungu atithamangitsa, adye ndi ena."

Amayi ankachoka ku thangata dzuwa litapendeka, n'kupita kukazula miyala pamunda pathu. Anabzala chinangwa ndi nandolo. Amalume ankawaonerera ali pansi pa mtengo, akupukusa mutu ngati munthu woona patali.

Tsiku la Mulungu kunkabwera mphunzitsi wa ku mishoni, munthu woonda, wa malaya amodzi ochapachapa. Ankasonkhanitsa anthu m'chisakasa cha udzu. Amayi anayamba kupitako chifukwa cha nyimbo basi, poti chinenero cha kuno ankangotolamo mawu apa ndi apo. Koma tsiku lina anatsalira anthu atabalalika, n'kumuuza mphunzitsiyo m'mawu odukaduka kuti mutu wawo umadzuka wodzaza ndi maliro a anthu amoyo. Ine ndinali nditagwira nsalu yawo, ndiye yankho lake ndinalimva. Sananene zambiri. Anati, "Mayi, mukadzuka, musanayambe kutchula zimene zapita, muuzeni Mulungu chimene chatsala. Chimodzi chokha chikwanira. Mukatero, gwirani khasu."

Kuyambira pamenepo amayi ankaima pakhomo m'mawa uliwonse, phiri likadali ndi nkhungu, n'kuyankhula ndi Mulungu m'chinenero chakwathu. "Muluku, denga silinadonthe." Mawa lake, "Muluku, ana adzuka onse." Tsiku lina anathokoza chifukwa cha mchere wodzaza chikhatho umene mayi wina anawapatsa.

Amalume zinawanyansa kwabasi. "Muthokozenso nsabwe zili m'mutumo," anatero tsiku lina.

"Nsabwe zimakhala pa munthu wamoyo, achimwene," anayankha amayi, n'kunyamula khasu.

Kenako kunabwera chiperoni. Amene sanakhale m'tsinde mwa phirili sangachidziwe. Nkhungu inatsika n'kukhala pansi masiku ambiri, kamvula kowaza kosaleka, nkhuni zonyowa zofuka utsi wowawa m'maso. Nyumba yathu inali yosamata mbali imodzi, ndipo mphepo inkalowa pampata wa kumpoto ngati ndi kwawo. Mng'ono wanga anayamba kutsokomola. Pachifuwa pake pankalira ngati madzi owira mumphika wovundikira, thupi lotentha, milomo yosweka.

Apa ndi pamene amalume anagwira ntchito yawo yoyamba chaka chonsecho. Anatenga chikwanje, n'kutsikira kumtsinje mvula ikuwaza, n'kubwera ndi mtolo wa nsungwi zaziwisi. Anaziyedzamiritsa pakhoma, moyang'anana ndi pamene amayi ankayamwitsira mwana. Zinali za chithatha chonyamulira maliro. Mwana ali moyo, akukoka bere.

"Kuli bwino kukonzekeratu," anatero, akudzipukuta kumaso. Anthu ngati amenewa amakonda mawu amenewo. Munda sakonzekera, nkhuni sakonzekera, koma manda a mwana wa mnzawo amafulumira nawo.

Amayi sanawatukwane. Anandipatsa mwana kuti ndimufungatire, n'kutenga nsungwi zija, n'kuzing'amba imodzi imodzi ndi chikwanje chomwecho. Ndimakumbukabe kulira kwake, phwaa, ndi fungo laziwisi lija. Anaziluka pampata wa kumpoto, n'kukanda dothi, n'kumata. Pofika madzulo mphepo inali itasiya kulowa, ndipo kwa nthawi yoyamba m'nyumba mwathu munafunda.

Mphunzitsi anabwera kudzapemphera. Sanalonjeze kuti mwana achira, ndipo chifukwa cha chimenecho ndimamulemekeza mpaka lero. Anangopempha kuti Mulungu akhale m'nyumbamo, n'kusiya kabulangete kakale. Mng'ono wanga anatsitsimuka pang'ono. Anamwa phala, anandikoka tsitsi, anaseka kamodzi. M'mawa mwake amayi anaima pakhomo n'kuthokoza chifukwa cha kusekako.

Patapita masiku ochepa anamwalira, dzuwa litangotuluka, ali m'manja mwa amayi.

"Ndinanena ine," anatero amalume.

Amenewo ndiwo mawu oyamba amene amayi anamva kwa mlongo wawo, mwini mbumba. Ndinawayang'ana amalumewo kumaso ndipo kunali kowala, ngati kwa munthu amene wapambana mlandu pabwalo. Anapitanso kumtsinje kukadula nsungwi zina akudandaula njira yonse kuti akugwira ntchito imodzi kawiri. Kwa aliyense wobwera kudzapepesa ankafotokoza mmene iwo anaonera kale zonsezi. Mwana wa mlongo wawo anali pamphasa, iwo akutola ulemu wa uneneri.

Titameta, m'mawa mwake ndinadzuka msanga kuti ndione ngati amayi aimenso pakhomo. Anaima. Dzanja linali pamphuthu ya chitseko. Kenako mawu anatuluka osasa. "Muluku, sanafere m'njira. Anafera pofunda." Anapumira, n'kundigwira pamutu pometedwa kumene. "Ndipo uyu watsala." Atatero anatenga khasu.

Ine zinandikwiyitsa. M'maso mwa mwana nkhaniyo inali yosavuta: amalume ananena kuti afa, wafa, amayi anathokoza, sizinathandize. Ndinaganiza kuti amayi ndi munthu wouma mtima, kapena wopusa amene saona zimene ena onse akuona. Kwa kanthawi ndinkakhala pansi pa mtengo pafupi ndi amalume, ndikuyeserera kupukusa mutu ngati iwo. N'kosavuta kuphunzira, sikutulutsa matuza m'manja.

Mzungu sanatithamangitse. Nandolo anabereka, chinangwa chinakhwima, ndipo nthawi ya njala mabanja ena amene ankatiseka aja anabwera ndi malichero kudzasuma. Amalume ankadya chinangwacho mbale yodzaza akunena kuti n'chowawa, tsiku lina chidzatipha tonse. Anakhala zaka zambiri, akulosera imfa yawo chaka ndi chaka, mpaka chaka china analondola.

Koma mkati mwa nyengo ya maliro ija, tsitsi lisanamere bwino, ndinawatsatira amayi kumunda osawauza. Ndinawapeza atagwada pakati pa mizere, khasu lili poteropo. Anali ataluma mpendero wa nsalu yawo ndi mano kuti mawu asatuluke, msana wonse ukugwedezeka, zala zitalowa m'dothi. Anakhala choncho kwa kanthawi. Kenako analavula nsaluyo, anapukuta kumaso ndi mkono, anatchula dzina la Yesu molitchula mwachilendo monga ankachitira, n'kudzuka. Anayamba nyimbo ya m'chisakasa ija, yosweka poyambirira, n'kumalima motsatira nyimboyo.

Sindinkadziwa kuti zonse zimene amalume ankalalika pansi pa mtengo, amayi ankadzuka nazo m'mutu mwawo tsiku ndi tsiku, zoopsa kuposa pamenepo, n'kumazigwetsa pansi okha asanatipatse moni. Ine ndinangoganiza kuti m'mimba mukuwapweteka, ndipo ndinathamangira kumtsinje kukawatungira madzi.