Ennie ndi Tsamba la Akalipentala

Ennie Kamanga anabadwira ku Matero, m'nyumba ya khonsolo imene bambo ake anapatsidwa atachoka ku Mzimba kudzagwira ntchito ya njanji. Iye anaphunzira kutayipa, nakhala zaka zambiri mu ofesi ya kampani ina ya boma. Kampaniyo itagulitsidwa, eni atsopano anabwera ndi anthu awoawo. Ennie anayesa kugulitsa salaula, zovala zakaunjika, koma analibe pakamwa pokopa ogula. Mwamuna wake atamwalira, anasamukira ku dera la Mtendere ndi ana, ndipo kenaka anapeza ntchito pamalo ena a intaneti m'tauni, yotayipira anthu makalata. Makasitomala akachepa, ankadziphunzitsa kupanga matsamba a pa intaneti.

Mlamu wake Goliati anali tcheyamani wa akalipentala a m'mbali mwa msewu ku Kalingalinga. Mipando yawo inkangopsa ndi dzuwa, poti anthu anali atathamangira mipando yapulasitiki yochokera kunja.

"Bamulamu, eni maloji sabwela kuno ku fumbi," Ennie anamuuza tsiku lina. "Baona vinthu pa kompyuta. Lekani nikupangileni tsamba."

Akalipentala anavomera monyinyirika. Anapukuta makama ndi matebulo, wojambula anajambula, Ennie anaika zithunzizo patsamba. Tsambalo linkasungidwa pamakina a kakampani kena ka m'tauni, makina amene amati seva, ndipo woyang'anira anali mwamuna wina dzina lake Ngosa.

Miyezi inapita kuli zii. Kenaka mayi wina amene ankamanga loji yogona alendo ku Livingstone anaimbira Goliati foni. Ankafuna makama a zipinda zonse, ndipo anati akaona zithunzi limodzi ndi mnzake wa bizinesi, ayankha sabata isanathe. Goliati anauza anzake. Ena anayamba kunola zida tsiku lomwelo.

M'mawa mwake mayi uja anaimbanso kuti tsamba silikutseguka.

Ennie anakhala pakompyuta. Pamene pankaoneka makama panali poyera, ndi mzere umodzi wachingelezi wonena kuti tsambali silikupezeka kwa kanthawi. Anatseka, natsegulanso. Anasamukira pakompyuta ina. Anafufuta zakale zonse zimene makinawo anasunga, nayesanso. Matsamba a anthu ena ankatseguka bwinobwino. Anaganiza kuti mwina zithunzi zalemera, nafuna kulowa mkati kuti azichepetse, koma nakonso kunamukana.

Anaimbira Ngosa.

"Seva yalema chabe, bamayo," anatero Ngosa. "Yembekezani pang'ono, izabwela."

Tsiku lotsatira tsamba linabweradi. Chithunzi cha kama wa mtengo wa mukwa chinayamba kutsika pang'onopang'ono kuchokera kumutu. Ennie anagwira foni kuti aimbire Goliati, koma chisanafike kumiyendo, mzere uja unabwerera.

Anapempha chilolezo kwa abwana ake, nayenda wapansi kupita ku ofesi ya Ngosa. Anampeza yekha m'kachipinda kotentha, atatsegula chivundikiro cha makina, fani ikupemerera mkati mwake. Ngosa sanabisenso. Makinawo anali amodzi okha, akale, atasenza matsamba a anthu ambirimbiri. Magetsi atazima ndi kubwera mwamphamvu, china chake chinapsa. Mwini kampani anali ku Joni, ndipo foni sankayankha.

"Nipatseni chabe vithunzi vanga, nikaike kwina," anatero Ennie.

"Vili m'kati umu. Ngati ningavichose, sembe nakupasani kudala."

Zithunzi zimene Ennie anasunga kuntchito abwana anali atazifufuta mwezi wapitawo, pamene makompyuta anagwidwa ndi vayirasi. Kunatsala zithunzi zapapepala zokha. Ennie anazitenga kwa Goliati, nazipereka kwa kondakitala wa basi ya ku Livingstone. Kondakitalayo anaziiwala pansi pa mpando, ndipo zinayenda ulendowo kupita ndi kubwera zisanafike kwa mwini loji. Pofika, mayi uja anali atagula kale makama kwina.

Goliati sanakalipe. Anakhala pakama wina wosagulidwa, akupukuta utuchi pamaondo.

"Mwayesa, bamulamu," anatero. Sanamuyang'ane.

Anzake sanali ofatsa choncho. Ankanena kuti tcheyamani anawakokera m'masewera a mlamu wake, ndipo chisankho chitafika anamuchotsa pampando. Ennie akamadutsa pa Kalingalinga ankatembenuzira nkhope kuwindo la mbali ina ya minibasi. Kakampani kaja kanatseka chaka chomwecho, makina aja anagulitsidwa kwa ogula zitsulo.

Ennie anapitiriza kutayipa makalata ofunsira ntchito, ambiri a anthu amene anachotsedwa ngati iye, mpaka maso anayamba kumuvuta. Tsiku lina abusa a kutchalitchi kwawo anamuyimitsa pakhomo, nati amva kuti amadziwa kupanga matsamba, ndipo mpingo ukufuna lake.

"Bananama, abusa," anayankha Ennie. "Ine nimatayipa chabe."