Madzi Ozizira pa Pikapu ya Amalume

Fungo la petulo m'mawa limandibwezera ku Biwi, kumbuyo kwa pikapu ya amalume anga. Batire lake linali lakufa, ndiye ana tonse a pampanda tinkaikankha kuti ilire. Poyamba inkakanirira zedi, koma ikangogudubuka inkatithawa kumtsetse, ife n'kugwa m'fumbi tikuseka.

Ine ndinkakhulupirira kuti galimotoyo imakonda tulo ngati ine. Tsiku lina kabichi wa kumsika atadzaza kumbuyo, inakaniratu kusuntha, dzuwa likukwera. Ndinathamangira ndowa n'kuikhuthulira madzi ozizira kumaso, monga ankandichitira amayi ndikakana kudzuka.

Amalume, omwe anaphunzira za makina ku Rasha, anaseka mpaka kukhala pansi.

"Si tulo ayi, Chisomo. Kumene ndinali amati inertsiya, pa Chingelezi inesha. Chinthu cholemera chikaima sichifuna kuyenda, chikayenda sichifuna kuima."

"Nanga mankhwala ake n'chiyani, amalume?"

"Kukankha basi."

Lero ndimaphunzitsa fizikisi ku sekondale. M'mawa umenewo amalume anakankha ine, ndipo mpaka pano sindinaime.