Thukuta silinachize bambo a Tadala

Chinayamba ngati chimfine wamba, m'mwezi wa Juni, nthawi yokolola mpunga ku Bwanje. Amuna anga, bambo a Tadala, ndi a kabaza pa Golomoti, munthu woti matumba awiri a mpunga ali kumbuyo kwa njinga, iye n'kumaimba nyimbo. Kwathu kuno azibambo amati chimfine chimatuluka ndi thukuta. Ndiye thupi likuwotcha choncho, anakwera njinga kuti akachitulutse.

Sabata yotsatira anayamba kubanika pa kamtunda komwe kale ankakwera akucheza ndi kasitomala. Kenako pachifuwa panayamba kuthina, mtima n'kumagunda modumphadumpha. Tsiku la msika anagwa, njinga uko, iwo uko. Anzawo anawathira madzi n'kunena kuti ndi dzuwa.

Ku chipatala cha mishoni malungo sanapezeke. Namwino anawagwira pamkono kuti amve kugunda kwa mtima, kenako anatitumiza ku chipatala chachikulu ku Lilongwe. Kumeneko tinakhala pabenchi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, ine mantha ali tho. Anawamata timawaya pachifuwa, makina n'kumalemba mizere papepala. Anawatenganso magazi ndi kuwaunika mtima.

Dokotala anati, "Anthu ogwiritsa ntchito thupi kwambiri ngati inu, mizereyi imatha kuoneka yachilendo mtima uli bwinobwino. Koma yanuyi si zimenezo ayi. Kachilombo ka chimfine kanafika pamnofu wa mtima, inu n'kumaupanikiza. Mukakweranso njinga usanapole, mutha kugwa osadzukanso."

Anawagoneka masiku angapo, kenako anatitulutsa ndi mankhwala komanso lamulo: theka la chaka osapalasa njinga, osagwira khasu.

Apa m'pamene ndinawagomera bambo amenewa. Munthu woti kukhala pansi kumamuyabwa, tsiku lomwe tinafika anachotsa yekha tcheni cha njinga n'kundipatsa. "Bisani mayi, ndimadzidziwa ine." Anayamba kukhala pabenchi yanga ya tomato kumsika, kuunjika milu ngati anabadwira pomwepo. Anzawo akamadutsa ankakuwa kuti, "Awa angotsala kuvala chitenje!" Iwo ankangoseka. Mvula itagwa ndinalima ndi ana, iwo ali m'mphepete mwa munda, ndipo ndinkaona kuti zikuwapweteka kuposa matendawo. Koma khasu sanalikhudze, mankhwala sanadumphitseko.

Mu Januwale tinabwereranso kukayezetsa, ndipo dokotala anati mtima wapola. Anawalola kuyamba pang'onopang'ono. Lero ali bwino, akupalasa, koma thumba ndi limodzi basi.

Inu amphamvunu, a kabaza, a mpira, thupi likatentha pumani. Mukayamba kubanika kapena kumva kuthina pachifuwa, pitani kuchipatala msanga, musadikire kugwa. Pa siteji ya Golomoti akudziwa kale. Wina akabwera akutsokomola, maso ali psu, bambo a Tadala amangogwira kaliyala ya njinga yake, ndipo sasiya mpaka munthuyo atatsika.