Funso limene sindinawamasulire apongozi anga

Inu owerenga, ine ndine mkamwini amene kumudzi kwa mkazi wanga amanditama mpaka lero kuti ndine waulemu. Akamanditama ndimangoyang'ana pansi, chifukwa ulemu womwewo ndi umene unawafulumizitsa apongozi anga kumanda. Dzina langa sinditchula, koma zimene ndinachita ndinena zonse.

Zinachitika kuno ku Joni, anthu akuda atangoyamba kumene kulamulira dziko. Ndinkachita lendi kachipinda kakuseri kwa nyumba ina ku KwaThema, ndipo ndinkagwira ntchito yomanga ku Springs. Mkazi wanga Nabanda ankagwira ntchito yam'nyumba kwa azungu ku Alberton. Ankagona komweko, n'kumabwera Lachinayi lokha, tsiku limene antchito am'nyumba ankapuma. Titamva kuti mayi ake akudwaladwala ku Dedza, tinawaitanitsa kuti adzaonane ndi madokotala akuno.

Mukudziwa mmene timakhalira ndi apongozi aakazi kwathu. Sitiyang'anana m'maso, sitidyera pamodzi, ndipo pali mawu amene sangatuluke pakati pathu ngakhale zitavuta bwanji. Atafika ndinawasiyira kachipinda kaja, ine n'kumakagona kwa mnzanga wa ku Ntcheu. Moni tinkapatsana iwo atanjuta cha uko, nkhope kumbali, ine chipewa chili m'manja.

Lachinayi loyamba, Nabanda anandikokera kuseri n'kundiuza motsitsa mawu kuti vuto la amayi ndi lachizimayi. Anati msambo anasiya kalekale, koma magazi ayambanso kutuluka. Ndinamudula pakamwa. Ndinati, "Iwe, zimenezo n'zondiuza ine?" Koma kumva ndinali nditamva, ndipo musaiwale zimenezi pamene mukuwerenga.

Kuno kwa dokotala woyima payekha sumangofika n'kukhala pamzere ngati kuchipatala cha boma. Umayamba waimba foni n'kubukitsa tsiku ndi ola. Kapitawo wathu anandipatsa nambala ya dokotala wina wa m'tauni ya Springs amene ankaona banja lake lonse. Lolemba masana ndinapita pafoni yoponya makobidi pafupi ndi pokwerera matakisi.

Anayankha mayi wolandira odwala, munthu woleza mtima zedi. Anafunsa zaka za wodwala ndi chimene chikuwavuta. Ine ndinati msana. Anandiuza kuti mpata ulipo pawiri: mawa lake Lachiwiri kwa dokotala wamwamuna, kapena Lachinayi la sabata yotsatira, tsiku limene kumabwera dokotala wamkazi. Atamva kuti agogowo sadziwa Chizungu kapena Chizulu, anandilangiza zinthu zitatu. Tibweretse mankhwala onse amene akumwa, tilembe papepala zonse zimene zikuwapweteka poti dokotala sachedwa ndi munthu mmodzi, ndiponso awaperekeze munthu amene amamasuka naye. Anachita kubwereza, "Baba, munthu amene amamasuka naye."

Abale anga, Mulungu anandiyikira Lachinayi m'manja, tsiku la Nabanda, ndi dokotala wamkazi pamwamba pake. Ine ndinasankha Lachiwiri. Ndine munthu wa phuma, ndipo ndinkafuna kuti Nabanda akamabwera apeze zonse zatheka, mankhwala ali patebulo, adziwe kuti anakwatiwa ndi mwamuna. Kudikira masiku khumi ndinkakuona ngati ulesi.

Kukonzekera ndiye ndinakonzekera, musachite kufunsa. Jekete ndinasita, nsapato ndinapolisha mpaka kuwala. Mapilitsi awo akale ndinawaika mujumbo pamodzi ndi mizu imene anabwera nayo. Kenako ndinaima panja pa chitseko ndi pepala, n'kuwapempha amayi kuti anene zimene zikuwasautsa. Anatchula ali mkati: msana, miyendo kulemera, chizungulire, kusafuna kudya. Ndinalemba mizere inayi m'Chizungu changa chapantchito. Pa mzere wachisanu cholembera chinaima. Ndinkadziwa choyenera kulemba, koma ndinapinda pepala n'kuliika m'thumba.

Lachiwiri ndinawaperekeza amayi ndekha. Dokotala anali bambo wachikulire wa magalasi. Anawerenga pepala lija, anawayeza mtima, kenako anawatsitsa chikope n'kupukusa mutu. Anandiuza kuti magazi achepa kwambiri, ndipo magazi sachepa popanda kumene akupita. Ndiye analoza m'munsi mwa mimba yawo n'kundiuza kuti ndiwafunse ngati chisiyireni msambo anaonapo magazi akutuluka kumaliseche.

Chipindacho chinali chaching'ono, apongozi ali pafupi nane kuposa mmene tinakhalirapo chikwatirire. Ndinatembenukira kukhoma n'kunena kuti, "Amayi, akufunsa ngati mumadya bwino." Iwo anati amadya pang'ono. Ine ndinamuuza dokotala kuti ayi, magazi sanawaonepo. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kufunsanso kachiwiri ngati ndawafunsa bwinobwino. Ndinati eya.

Mumtima ndinkadzikhululukira kuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ngati eni ake sananene, ine ndine yani? Ndinkatinso ulendo wina adzabwera ndi mwana wawo, adzanena okha. Dokotala anatipatsa mapilitsi owonjezera magazi ndi opha ululu, n'kutilembera pakakhadi tsiku lobweranso pakatha mwezi, kuti akapanda kusintha adzawatumize kokapimidwa mozama.

Lachinayi Nabanda anapeza mankhwala patebulo monga ndinkafunira. Anandifunsa funso limodzi lokha: "Munawauza zonse adokotala?" Ndinati zonse. Bodza lachiwirili ndi limene limandipweteka kwambiri, chifukwa linamumanga manja mkazi wanga. Iye anakhulupirira kuti dokotala akudziwa za magaziwo ndipo mapilitsiwo ndi a vuto lomwelo. Nawonso amayi anayamba kupezako bwino, chizungulire chinachepa, anayamba kusesa pabwalo ndi kuseka ndi mayi mwini nyumba ngakhale sankamvana chilankhulo. Tsiku la pakakhadi litayandikira, ndinachita mantha kuti Nabanda akapita nawo, bodza langa likaululika. Sindinamuuze za tsikulo. Kakhadi kanakhala m'thumba la jekete mpaka tsiku linadutsa.

Patatha miyezi isanu, amayi anagwa pampopi akutunga madzi, chitenje chitanyowa magazi. Tinathamangira nawo kuchipatala cha boma, ndipo ulendo uno womasulira anali Nabanda. Atawapima anati ndi khansa ya khomo la chiberekero, ndipo yafalikira kale. Dokotala wa kumeneko anafunsa chifukwa chimene tinachedwera chonchi. Nabanda analira n'kunena kuti tinapita kale kwa dokotala wina ndipo anangotipatsa mapilitsi. Ine ndinali nditaima pomwepo, ndikumva munthu wosalakwa akunenedwa, koma sindinatsegule pakamwa. Kaya miyezi isanu ija ikanawapulumutsa, palibe amene angandiuze. Chimene ndikudziwa n'chakuti miyeziyo inali yawo, ndipo ndinawalanda ndine.

Amayi anapempha kuti akafere kwawo. Tsiku lonyamuka tinawaperekeza kudepoti ya mabasi opita ku Malawi. Anali atawonda kwambiri. Asanakwere anandiitana, chinthu chimene anali asanachitepo, ndipo analankhula nkhope ili kumbali monga mwa masiku onse. Anati, "Bambo, tsiku lija dokotala analoza pamimba panga, ndinadziwa chimene ankafunsa. Inu munandisungira ulemu, simunandivule pamaso panu. Mulungu akudalitseni."

Kalanga ine! Bola akanandimenya mbama. Nabanda anali atanyamula chikwama chawo pambali pathu, ndipo anamva mawu onse. Sanakuwe, sanatukwane. Anangondiyang'ana n'kunena kuti, "Paja munati zonse." Anakwera basi ndi mayi ake, ndipo patatha masabata asanu ndi limodzi ndinalandira uthenga wa maliro.

Pamaliropo malume ake a Nabanda anaimirira n'kuuza khamu lonse kuti malemu anafika akusimba za mkamwini wa ku Joni, waulemu, wodziwa mwambo, amene anawasiyira chipinda n'kuwatengera kwa dokotala wolipira. Anthu ankagwedeza mitu. Nabanda sanandiulule, ndipo banja lathu lilipobe. Koma kuyambira nthawi imeneyo akadwala, kapena akadwala mwana wathu wamkazi, amabukitsa yekha ndipo amapita yekha. Sanandifunsepo kuti ndimuperekeze, ndipo ine ndilibe pakamwa podandaulira.

Tsono inu amene muli kunja kuno ndipo mwaitanitsa makolo kuti adzachire, ndimvereni. Akuluakulu anati manyazi anapha lambe, koma ine manyazi anga anapha munthu wina. Mukamabukitsa kwa dokotala, musasankhe tsiku lokomera inu kapena loti muoneke achangu. Sankhani tsiku limene adzapezeke munthu amene wodwalayo angamuuze za thupi lake lonse. Funsani ngati kuli dokotala wamkazi, ndipo ngati n'kudikira sabata, dikirani. Polemba pepala, chinthu chochititsa manyazicho chikhale pamzere woyamba. Ngati pakamwa panu sipangathe kumasulira funso, muuzeni dokotala kuti simungathe, mutuluke, abwere wina. Mwambo wathu umaletsa mkamwini kutchula mawu ena, inde, koma sunandiuzepo kuti ndiyankhe m'malo mwa wodwala.

Pepala lija ndinalipezanso m'thumba la jekete pamodzi ndi kakhadi, ndipo ndimalisunga m'Baibulo. Lili ndi mizere inayi yolembedwa bwino. Pansi pake pali kadontho ka inki pamene cholembera changa chinaima.