Pangano Lopanda Ankhoswe

Ndikukumbukira ndili Sitandade 7, tikukhala ku Mbayani, chaka chimene amayi anamwalira. Chimene tinatsala nacho chinali mawu awo. Bambo anawajambula tsiku lina akuchapa uku akuimba nyimbo ya kutchalitchi m'Chisena, ndipo nyimboyo inkakhala m'kapulogalamu kena ka pafoni. Bambo akaweruka kuntchito ku Makata, tsitsi lili mbuu ndi fumbi, ankakhala pakhonde n'kumaimvetsera.

Tsiku lina kapulogalamuko kanakana kutseguka. Kanatulutsa chikalata cha Chingerezi, tizilembo ngati nyerere, pansi pake batani limodzi lokha, lovomera.

"Esinati, tandiwerengera. Akuti chiyani?" anatero bambo.

Ndinawerenga mpaka kukhosi kuuma. Ine amene m'kalasi ndinkadzitama ndi Chingerezi sindinatolepo kanthu. Chiganizo chinkayamba pamwamba n'kukathera uko, mutaiwala kale mutu wake.

Bambo ankaitanidwa kawirikawiri pa zaunkhoswe, ndipo sankavomera nkhani asanaimvetse. Anaiyang'ana foniyo monyansidwa.

"Pokanira pali pati? Nanga wondiyankhulira ine ndani? Ngakhale ukwati wa amphawi umakhala ndi ankhoswe mbali zonse, mwana wanga."

Anapirira masiku angapo osadina. Koma kukana kunali kusawamvanso amayi. Lamulungu titachoka kutchalitchi anadina. Kapulogalamu kanatseguka, katasintha, kokongola bwino, koma m'kati muli mbee! Nyimbo ija munalibe.

Tinathamangira kwa aphunzitsi ena oyandikana nafe. Anavala magalasi, nafufuza mpaka dzuwa kupendeka, n'kupeza kamzere kobisika pakatikati: zojambulidwa zakale zikhoza kufufutidwa, ndipo eni pulogalamu alibe mlandu.

"Pepani, koma apa akuti munavomera nokha," anatero aphunzitsiwo.

Kuvomera kwake kuti? Kumugwira munthu pakhosi, n'kumati wagwedeza yekha mutu! Wakuba wa mumsika ali bwino, amathawa chifukwa amadziwa kuti walakwa. Awa amakubera n'kukusonyezanso pamene chala chako chinadina.

Kwa zaka ndinkadziimba mlandu kuti ndikanalimbikira sukulu ndikanauona mzerewo. Tsopano ndikudziwa kuti vuto silinali Chingerezi changa. Pangano limene mbali imodzi yalemba yokha, m'mawu oti mnzake asamve, si pangano ayi, ndi msampha. Bambo akalamba, ndipo amayesabe kuimba nyimbo ija pakhonde. Amafika pa ndime yachiwiri n'kundiyang'ana, koma nanenso ndinaiwala.