Matayala Amene Asibweni Anandipopera

Ndikukumbukira chaka chimene ndinakwanitsa zaka khumi ndi zitatu, ndikukhala kwa amalume ku Wovwe. Kwathu amalume timati asibweni, ndipo ndiwatchula choncho chifukwa lilime langa silinazolowere dzina lina. Mayi atamwalira, asibweni ndiwo anadzanditenga, anthu n'kuwayamikira kwambiri pamaliropo. Kunyumba kwawo ndinapeza mwana wawo Wongani, wamkulu kwa ine ndi chaka chimodzi, komanso njinga ziwiri. Ina inali yamagiya, yopepuka, yogula ku Tanzania. Inayo inali yakuda, yachikale, yonyamulira mpunga kupita kuchigayo. Yakudayo ndiyo inali yanga, kapena ndinene kuti ntchito yake ndiyo inali yanga.

Matumba a mpunga anandilimbitsa miyendo ine osadziwa. Pofika nyengo yotentha ndinkakwera chitunda cha kuchigayo osatsika, thumba lili pakaliyala. Tsiku lina asibweni anandiona ndikukwera. Anangondiyang'anitsitsa monga munthu amayang'anira ng'ombe pamsika.

Posakhalitsa kunalengezedwa kusukulu ndi kutchalitchi kuti kukhala mpikisano wa njinga wa anyamata. Njira yake inali ya fumbi ndi miyala yokhayokha: kuchoka pabwalo la sukulu, kudutsa m'minda ya mpunga, kukwera mapiri a cha ku Uraha, n'kubwerera. Wopambana adzalandira njinga yatsopano. Asibweni, amene anthu ankati paunyamata wawo ankapalasa njinga moopsa, anati tonse awiri tilowa. Kanali koyamba kumva dzina langa likutchulidwa pamodzi ndi la Wongani pa chinthu chosakhala ntchito, ndipo ndinasangalala mpaka kuiwala kudya.

Anachotsa kaliyala ndi zonse zolemera panjinga yakuda ija, n'kuyamba kutikonzekeretsa, koma aliyense payekha. Wongani ankapita naye m'mawa uliwonse kunjira ya mpikisanoyo, kukamuonetsa pokhota, pamchenga ndi potsetsereka. Ine ankandisiya pamsewu wosalala wa m'mphepete mwa ngalande, akuti ndizithamanga ndi mphamvu zanga zonse mpaka kumapeto, ndipume, ndibwerezenso. Nditafunsa kuti njirayo ndikaiona liti, anati munthu wamphamvu ngati ine safunika kuonetsedwa njira. Mawu amenewo ndinayenda nawo masiku ambiri ngati mphatso.

Kutatsala tsiku limodzi anandituma kwa Che Saidi kuti akamangitse masipoko. Che Saidi anali bambo wa ku Mangochi, wa kasitolo ka zipangizo za njinga pamsika, wosalankhulalankhula. Atamaliza anadina tayala langa ndi chala chachikulu. Linali gwa ngati mwala, mmene analipopera asibweni. Anandifunsa ngati ndi njinga yomweyo ndikalowe nayo mpikisano, ndipo nditavomera anaika sipanala pansi. Anati tayala lolimba choncho ndi la patala. Pamiyala limangodumphadumpha, siligwira nthaka, liyenera kulola chala kulowa pang'ono. Anati ndisadzakhudze buleki yakutsogolo pokhota pamene pali timiyala toyenda, ndizimwa madzi ludzu lisanabwere, ndipo otentha mitu akanyamuka ngati akuthawa moto ndiwaleke apite, ndikawapeza kutsogolo.

Ndinayankha mwamwano kuti asibweni anathamangapo mipikisano, sangaphunzitsidwe ndi munthu wogulitsa machubu. Che Saidi sanakwiye.

"Amalume ako ndi amalume ako, mwanangu," anatero. "Koma miyala ilibe m'bale."

M'mawa wa tsikulo dzuwa linatuluka lili lotentha kale. Pabwalo panali anyamata ambiri, koma maso a anthu anali pa Lusekelo, mnyamata wamtali wochokera ku Kaporo, amene aliyense ankati atenga njingayo. Asibweni anawonjezeranso mpweya m'matayala anga. Botolo la madzi limene ndinamanga ndi mphira anachotsa, akuti likundilemetsa. Kenako anandigwira paphewa, chinthu chimene anali asanachitepo, n'kundiuza kuti ndinyamuke ndi mphamvu zonse, Lusekelo ndisamupatse mpata wopuma, pachitunda chilichonse ndizimuthawa.

Ndikupita pamzere ndinamva tsiii! Asibweni anali atagwada pa njinga ya Wongani, akutulutsa mpweya, akudina ndi chala. Wongani anali ndi mabotolo awiri ndi nthochi m'thumba la kabudula. Nditafunsa, anati Wongani ndi wofooka, ayenera kuleledwa. Ndinamumvera chisoni msuweni wanga.

Wezulo italira ndinachita monga anandiuzira. Ndinatuluka m'gulumo ngati mwala wa legeni, Lusekelo ndi ena atatu ali pambuyo panga. M'minda ya mpunga zinali bwino. Titalowa pamiyala njinga inayamba kundimenya. Chiwongolero chinkandigwedeza manja mpaka zala kuchita dzanzi, mano akugundana, tayala lakumbuyo likudumpha ngati mbuzi. Lusekelo anandiyandikira n'kundifunsa m'Chichewa chake cha Chinkhonde ngati mutu wanga ukuyenda bwino, poti ulendo unali usanafike ndi pakati pomwe. Ndinangowonjezera liwiro. Iyenso ulemu wake sunamulole kusiyidwa ndi kamwana ka njinga yonyamulira mpunga, choncho ananditsata.

Atatu aja anatsala pachitunda choyamba. Pachitunda chachitatu lilime linali litauma ngati chikopa, m'maso mukuyenda timadontho takuda, akatumba akukokana. Nditacheuka ndinaona Lusekelo atatsika, atawerama m'mbali mwa msewu, akusanza. Ndinali ndekha kutsogolo. Ndinaganiza za nkhope ya asibweni ndikamalowa pabwalo.

Kuseri kwa chitundacho kunali mtsetse umene ndinali ndisanauonepo. Njinga inathamanga yokha. Mwadzidzidzi msewu unakhotera kumanzere, pokhotapo pali timiyala tokhatokha. Ndinafinya mabuleki onse awiri. Tayala lakutsogolo linangochoka pansi panga.

Ndinatsetsereka chammbali mtunda ndithu. Nditakhala tsonga, khungu la mkono ndi la ntchafu linali litasupuka, mnofu uli woyera, timiyala titalowamo, magazi asanayambe n'kutuluka komwe. M'kamwa munali mchenga ndi chidutswa cha dzino langa lakutsogolo. Njinga inali pakati pamsewu, limu la tayala lake litapindika.

Sindikudziwa kuti ndinakhala nthawi yaitali bwanji Wongani asanatulukire. Anatsika mtsetsewo mosapupuluma, thupi atalikankhira kumbuyo kwa chishalo, n'kukhota bwinobwino ngati munthu wodziwa mwala uliwonse. Anandiyang'ana kamodzi, n'kubweza maso kumsewu. Pambuyo pake panabwera asibweni pa njinga yamoto yobwereka. Ataima, mtima wanga unakhala pansi. Ndinayamba kulira, ndikuwaonetsa mkono.

"Kokera njingayo kumbali, ugwetsa anzako," anatero, injini osazimitsa. "Ntchito yako wamaliza."

Anapita, fumbi lawo n'kundikuta pazilonda.

Amene anandithandiza anali Lusekelo. Anafika akukankha njinga yake, nkhope itatuwa. Madzi ochepa amene anamutsalira anandipatsa kuti ndichukuche m'kamwa, ena n'kuthira pamkono. Anandifunsa kuti anandiuza ndani kuthamanga choncho, ine ndinangoyang'ana pansi. Tinayenda wapansi ulendo wonsewo, iye atasenza njinga yanga, ine ndikukankha yake ndi dzanja limodzi, ntchentche zikunditsata.

Tinafika pabwalo dzuwa litapendeka. Wongani anali atapambana, njinga yatsopano ili pambali pake, mapepala ake asanamatule. Asibweni anali pansi pa mtengo wa mango ndi azibambo anzawo, akufotokoza mmene anachitira. Ndinamva ndi makutu anga. Anati mlenje wanzeru amapita kuthengo ndi agalu awiri, wina wotopetsa nyama, wina wogwira. Anati wa ku Kaporo uja sakanagonja mwanjira ina, ndipo matayala anawalimbitsa dala, chifukwa kamwanaka kali ndi miyendo yoti kakanatha kufika kumapeto n'kusokoneza zonse. Azibambowo anaseka mpaka kugwirana mapewa. Atandiona, asibweni anandiitana.

"Tabwera kuno. Yasamula, awone."

Ndinayasamula. Anasekanso.

Lolemba lake, zilonda zikuchuchabe madzi, asibweni anati popeza ndathyola njinga, mpunga ndizisenza pamutu. Ndinasenza masabata awiri. Malaya ankamatirira pachilonda, ndipo madzulo ndinkachita kuwanyowetsa kuti achoke. Wongani ankandidutsa panjira pa njinga yake yatsopano. Sitinakambepo za tsikulo, ngakhale lero.

Limu lija analiwongola ndi Che Saidi. Ndinapita mutu uli pansi, ndikudikira kuti andikumbutse mwano wanga. Sanatero. Atamaliza anandiuza kuti ndipalase mpaka pamlatho ndi kubwerera, n'kutulutsa mpweya pang'ono, ndipitenso, n'kutulutsanso. Ulendo wachinayi ndinamva njinga itakhazikika pansi panga, miyala ikudutsa osandimenya. Anati ndidine ndi chala changa, ndisunge mmene ndikumveramo, chifukwa iye sadzakhalapo tsiku lililonse.

Lero ndine mphunzitsi, ndipo ndimathamangabe mipikisano ya m'misewu yafumbi. Ana amene akuyamba kumene ndimawauza kuti ayende njirayo tsiku lisanafike, adye ndi kumwa thupi lisanapemphe, asathamangire kutsogolo poyamba. Kenako ndimawauza kuti asandikhulupirire, akayese okha, pa njinga yawo, ndi chala chawo. Ena amaseka, amayesa nthabwala.

Asibweni ali moyo, akalamba, ndipo nkhaniyi amaikambabe pamaukwati ngati umboni wa nzeru zawo. Kwa zaka zambiri inenso ndinkaganiza kuti anandigonjetsa ndi nzeru. Tsopano ndikuona kuti bodza lawo silinali lovuta kuligwira. Ndinaona ndi maso anga zimene ankachitira mwana wawo, ndinachenjezedwa ndi munthu wodziwa, koma ndinasankha kusaona. Ndinkafunitsitsa kuti munthu wina m'nyumba imene ija andiwerengere ngati wake. Asibweni anadziwa zimenezo ine ndisanazidziwe, ndipo ndi pomwepo pamene anandigwira.